Mwana Akaitana, Ayankhidwe

Pa tsiku la sikelo mwana amamupachika pa muyeso, mlangizi wa zaumoyo n'kuika kadontho m'kabuku, ndipo mayi amabwerera kwawo akudziwa ngati mwanayo wakwera kapena watsika. Muyeso umenewu ndi wofunika, ndipo mwana sayenera kujomba ngakhale mwezi umodzi. Koma sikelo imaona mnofu ndi mafupa basi. Siona ngati mwana amacheuka akamva dzina lake, ngati amatsata ndi maso nkhuku ikamadutsa pabwalo, ngati amaloza chimene akufuna, kapena ngati wayamba kulumikiza mawu awiri. Kukula kumeneku, kwa nzeru, kwa chilankhulo ndi kwa mtima, n'kumene kudzaonekere mwana akadzalowa Sitandade 1, ndiponso akadzakula n'kuyamba kudziimira payekha. Mfundo ya kabuku kano ndi imodzi. Chakudya ndi chitetezo ku matenda zimapatsa mwana mphamvu zokulira, koma chimene chimaumba nzeru zake ndi munthu wamkulu amene amamuyang'ana, kumumvetsera ndi kumuyankha tsiku ndi tsiku. Ndipo popeza kuyankha mwana kumalira nthawi ndi mtima wokhazikika, ntchitoyi siingatulidwe pamutu pa mayi yekha. Ndi ya pakhomo ponse.

Zaka zoyambirira n'zofunika chonchi chifukwa cha zimene zimachitika m'mutu mwa mwanayo. Khanda limabadwa ndi ubongo umene kukula kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a ubongo wa munthu wamkulu, koma pofika zaka 3 umakhala utafika pafupifupi magawo 80 pa 100. Sikuti umangofufuma ayi. M'kati mwake timitsempha tosawerengeka timalumikizana, ndipo njira zimene zikugwira ntchito kawirikawiri zimalimba pamene zongokhala zimafota. Mawu amene mwana wamva, nkhope imene yamumwetulira, supuni imene waigwira n'kuigwetsa n'kuitolanso, ndi zimene zimasankha njira zotsala. N'chifukwa chake azaumoyo amalimbikira za masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. Mlimi aliyense amadziwa kuti feteleza wokulitsa akathiridwa chimanga chitamasula kale sabweza zimene mmera unataya uli waung'ono. Mwana safanana ndi chimanga m'zonse, pakuti wazaka 5 kapena 10 angathandizikebe. Komabe thandizo lochedwa limafuna khama lalikulu, ndipo phindu lake limachepa.

Kodi si chibadwa?

Alipo amene anganene kuti zonsezi n'kudzivutitsa chabe, chifukwa mwana amabadwa ndi zake: "Kwathu ndife afupiafupi," kapena "Wanzeru amachita kubadwa." Mawuwa si abodza kotheratu. Mwana amatengeradi zina kwa makolo ake, ndipo ngakhale ana a bere limodzi safanana msinkhu kapena mtima. Koma nkhani ya mtundu inafufuzidwa mozama. Pakati pa 1997 ndi 2003, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayeza ana pafupifupi 8,500 m'mayiko 6: Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Linasankha ana oyamwa bwino, obadwa kwa amayi osasuta fodya, a m'mabanja osasowa chakudya ndi chithandizo cha kuchipatala. Linapeza kuti mpaka zaka 5 ana a ku Accra ankatalika mofanana kwambiri ndi ana a ku Oslo. Miyezo ya kakulidwe ka ana imene inatuluka mu 2006 inachokera m'kafukufuku ameneyu. Tsono pamene kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira, sitingathawire ku mtundu. Mu 2010 anali 47 pa 100. Chibadwa cha fuko sichisintha m'zaka 5 zokha. Zimene zimasintha msanga chotero ndi kadyedwe, matenda ndi chisamaliro.

Kupinimbira si kufupika kokha. Njala ndi matenda zimene zimabweza msinkhu zimabwezanso ubongo, ndipo chilonda chake chimafika mpaka ku ukulu. Ku Guatemala, kuyambira 1969 mpaka 1977, midzi iwiri inkalandira phala lomwa lokhala ndi mkaka ndi zomanga thupi, pamene midzi ina iwiri inkalandira chakumwa chotsekemera chopanda zomanga thupi. Ana aja atakula anawalondola. Amuna amene anamwa phalalo asanakwanitse zaka 2 ankalandira malipiro a pa ola okwera ndi 46 pa 100 poyerekeza ndi anzawo, koma amene anayamba kulimwa atapyola zaka 3 sanaonetse kusiyana kumeneku. Chakudya chinali chimodzimodzi; chinasiyanitsa ndi msinkhu umene mwana anachilandirira.

Kwathu kuno ntchito imayambira kwa mayi woyembekezera. Ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, amwe mapiritsi owonjezera magazi ndi Fansidar monga alangizidwira, agone m'neti, athire mchere wa ayodini m'ndiwo, ndipo asalawe mowa wa mtundu uliwonse, chifukwa umene wamwa mayi wamwanso mwana ali m'mimba. Msinkhu wa mayiyo nawonso ndi nkhani: kafukufuku yemwe uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera, ndipo thupi limene likukulabe limalimbirana chakudya ndi mwana amene lanyamula. Mwana akabadwa aikidwe kubere ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja usafinyidwire pansi, chifukwa ndi umene uli ndi chitetezo chochuluka. Kwa miyezi 6 mwana ayamwe mwakathithi, osamupatsa madzi, phala kapena madzi a zitsamba, ngakhale m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo.

Pamene ana ambiri amatsikira ndi pa miyezi 6 kupita m'tsogolo, ndipo chimawagwetsa ndi phala la ufa woyera lamadzimadzi. Kamimba ka mwana wa msinkhu umenewu n'kakang'ono; kakadzaza ndi phala lothamanga pasupuni, mwana amakhuta koma sanadye. Phala likhale la mgaiwa, lolimbirako moti silikuyenderera pasupuni, ndipo tsiku lililonse muzilowamo china: nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, usipa kapena bonya wosinja, dzira, nkhwani kapena bonongwe wopota, kasupuni ka mafuta ophikira. Pambali pake nthochi, papaya, peyala, mango, mbatata yofiira m'kati. Awa ndiwo magulu 6 a zakudya amene alangizi amaphunzitsa, ndipo ambiri mwa iwo amapezeka pakhomo kapena kudimba. Mtedza ndi chimanga cha chuku zisalowe m'phala la mwana, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi moto. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, wa miyezi 9 kupita m'tsogolo katatu kapena kanayi ndi tina tapakati, m'mbale yakeyake kuti muone chimene wadya, uku akuyamwabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Matenda amaba chimene mwana wadya. Kutsegula m'mimba, malungo, chibayo ndi njoka za m'mimba zimamuchotsera chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zosewera, ndipo mwana wodwaladwala amatha milungu yambiri ali gone pamene anzake akuphunzira. Mwana wokwawa amaika m'kamwa chilichonse, ngakhale zitosi za nkhuku, choncho muyalireni mphasa pamalo osesedwa ndipo musambe m'manja ndi sopo musanamudyetse. Liwombo likalowa m'kati mwana akutsegula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi; ayamwe pafupipafupi, amwe Thanzi ORS ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera amalizidwe yense, kuphatikizapo wa malungo kumene akuperekedwa, amene Malawi inali dziko loyamba kuyamba kumupereka kusikelo mu Epulo 2019. Akachira, mwana apatsidwe chakudya chowonjezera kwa milungu iwiri kuti abweze thupi.

Phala lokha silikwanira

Wowerenga akhoza kuganiza kuti nkhani yathera pamenepa: mwana adye bwino, asadwale, nzeru zibwera zokha. Umboni sukuvomereza. Ku Mangochi, mu 2018 ndi 2019, ofufuza anatsata ana 660 a miyezi 6 mpaka 9. Theka la anawo ankalandira dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi 6. Pomaliza, odya mazirawo sanatalike kuposa anzawo, ndipo pa miyeso ya kakulidwe ka nzeru panalibe kusiyana kwenikweni. Ofufuzawo anaona kuti ana ambiri a m'mbali mwa nyanja ankadya kale nsomba. Izi sizikutanthauza kuti dzira n'lopanda ntchito, makamaka kumadera kumene mwana amatha mlungu osalawa za nyama. Zikutiphunzitsa kuti palibe chakudya chimodzi chimene chingasenze chokha kakulidwe ka mwana.

Umboni wolimba kwambiri unachokera ku Kingston, m'dziko la Jamaica. Kuyambira 1986, dokotala Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatenga ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 ochokera m'mabanja osauka, n'kuwagawa m'magulu 4. Gulu loyamba linkalandira mkaka mlungu uliwonse. Lachiwiri linkayenderedwa ndi mlangizi wa zaumoyo kwa ola limodzi pa mlungu, kudzaphunzitsa mayi kusewera ndi mwana wake, kucheza naye, kumutchulira mayina a zinthu ndi kumuyamikira, pogwiritsa ntchito zidole zopangidwa ndi zinthu zotayidwa pakhomo. Lachitatu linkalandira zonse ziwiri, ndipo lachinayi linkangolandira chithandizo cha kuchipatala chimene onse ankalandira. Patatha zaka 2, mkaka unali utathandiza, kusewera kunali kutathandiza, ndipo olandira zonse ziwiri anatsala pang'ono kufanana ndi ana osapinimbira. Koma zaka zitapita, phindu la mkaka linazilala, mwina chifukwa unali wochepa ndipo unkagawidwanso kwa ena m'nyumba. Phindu la kusewera linatsala. Patatha zaka 20, amene amayi awo anaphunzitsidwa kusewera nawo ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 kuposa anzawo a gulu losayenderedwa, ndipo ndewu ndi kukhumudwa zinali zochepa pakati pawo. Tiyenera kuona bwino chimene chinachitika kumeneko. Mlangizi ankakhala ndi mwana ola limodzi lokha pa mlungu. Ola limenelo silikanasintha moyo wa munthu likanakhala lokha. Chinasintha ndi mmene mayi ankakhalira ndi mwana wake masiku ena onse. Ndiye chifukwa chake mu 2018 mabungwe a WHO, UNICEF ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse, potchula zimene mwana wamng'ono amafunikira, anaika kuyankhidwa ndi mwayi wophunzira pamzere umodzi ndi thanzi, chakudya ndi chitetezo.

Kodi kuyankha mwana n'kutani? Mwana ndiye amayamba. Khanda la miyezi iwiri limakuyang'anani n'kutulutsa kamawu. Inu mumaliyang'ana, n'kubwereza kamawuko, kenako n'kudikira. Kudikirako n'kofunika monga kulankhula komwe, chifukwa n'kumene kumapatsa mwana mpata woti ayankhenso, ndipo apo ndi pamene amaphunzira kuti kucheza n'kolandizana. Wa miyezi 9 akaloza mbuzi, musamubweze mkono. Nenani kuti, "Eya, mbuzi imeneyo. Ikudya chiyani? Ikudya udzu." Mawu amene mwana amagwira msanga ndi a chinthu chimene maso ake ali pomwepo, osati chimene wamkulu wamusankhira. Wa chaka ndi theka akanena kuti "madzi," muwonjezereni: "Ukufuna madzi akumwa? Nayi kapu yako." Wa zaka 3 akafunsa chifukwa chimene mwezi ukutitsatira, muyankheni monga mungathere, kapena mumufunse mmene iye akuganizira. Zonsezi sizifuna ola lapadera. Pomusambitsa mumatchula mutu, khutu, chala. Posankha nyemba amakuthandizani kupatula zofiira ndi zoyera. Popita kumjigo mumamuuza amene mwakumana nawo. Mbereko ndi chuma chathu, pakuti mwana wa kumsana amamva kutentha kwa mayi, mayendedwe ake ndi mawu ake, koma ali kumeneko saona nkhope. Choncho pomuyamwitsa, pomudyetsa ndi popumula, abwere kutsogolo kuti muonane maso ndi maso.

Zoseweretsa zisakudetseni nkhawa. Zitsononkho, zikho, kachitini kopanda msongo, botolo la pulasitiki loikamo timiyala n'kulitseka kolimba, mpira wokulunga, dongo, mapoto ndi mthiko, n'zokwanira, bola zikhale zaukhondo ndiponso zazikulu moti sangameze. Nyimbo zotonthozera mwana, nthano za madzulo zimene ana amavomera, ndi ndagi, zimaphunzitsa kumvetsera, kukumbukira ndi kudikira nthawi yako yolankhula. Chimene sichingalowe m'malo mwa munthu ndi foni kapena wailesi yakanema. Zimalankhula, koma sizimuona mwana, sizidikira, siziyankha chimene iye wanena. Malangizo a WHO a 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi pa tsiku. Foni ya wamkulu nayonso imaba: mayi kapena bambo amene maso ali pa WhatsApp saona pamene mwana waloza.

Ngakhale kudyetsa kumene ndi kuyankhana. Mwana amaonetsa njala potsegula pakamwa ndi kutsata supuni, amaonetsa kukhuta potembenuza mutu. Womudyetsa akhale naye pansi, amulimbikitse mwaulemu, adikire, ayesenso. Kumutsina mphuno ndi kumuthira phala m'kamwa akulira n'koopsa chifukwa phala likhoza kulowa m'mapapo, ndiponso kumaphunzitsa mwana kuti chakudya ndi nkhondo.

Pano pamabuka mafunso amene ndi oyenera kuwayankha mwachilungamo. Loyamba ndi lakuti, "Khanda limamva chiyani? Anthu adzati ndapenga." Makutu a mwana amayamba kumva ali m'mimba, m'miyezi yomaliza, ndipo wongobadwa kumene amasiyanitsa mawu a mayi ake ndi a mkazi wina. Chaka choyamba chisanathe amakhala atazolowera kamvekedwe ka chilankhulo cha pakhomo pake, ndipo amamvetsa mawu ambiri miyezi ingapo asanatchule ngakhale amodzi. Wodikira kuti mwana ayambe walankhula amakhala wachedwa ndi chaka chathunthu. Pakhomo pamene mayi amalankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena, bambo n'kumalankhula Chichewa, mwana sasokonezeka. Aliyense alankhule naye chilankhulo chimene amamasuka nacho. Lachiwiri ndi lakuti kunyamula mwana akangolira n'kumuzoloweza manja. Khanda la miyezi yochepa silidziwa kunyengerera munthu. Kulira ndiyo njira yokhayo imene lili nayo, ndipo likayankhidwa limaphunzira kuti pali wolidalira. Mwana wotere ndi amene amalimba mtima kukwawira kutali, chifukwa akudziwa kuti akabwerera apeza munthu. Zimene zimachitika pakasowa woyankha zinaoneka ku Romania, m'nyumba zosungira ana amasiye, mmene ana ankadyetsedwa ndi kusambitsidwa koma olera anali ochepa ndipo ankasinthanasinthana. Ofufuza anatsata ana 136 a mumzinda wa Bucharest. Amene anapititsidwa m'mabanja anaposa otsala pa nzeru ndi pa kukhulupirira anthu, ndipo opindula kwambiri anali amene anachoka asanakwanitse zaka 2.

Funso lachitatu ndi la mwambo, ndipo ndi lolemera kuposa enawo. Ena amaopa kuti mwana woyankhidwa mafunso onse adzakhala wamwano, wolowerera nkhani za akulu. Ulemu ndi chinthu chabwino ndipo mwana aphunzitsidwe. Koma ulemu ndi mantha n'zosiyana. Mwana wa zaka 2 amene watayira ufa pansi sanachite chipongwe. Akuyesa kuona chimene chichitike, ndipo ubongo wake sunafike podziletsa monga wamkulu. Kumumenya kumaletsa dzanja lake lero, koma kumamuphunzitsanso kuti kugwira, kuyesa ndi kufunsa n'koopsa. Mwana amene amakhala mwamantha, kaya chifukwa chomenyedwa kaya chifukwa choona mayi ake akumenyedwa, thupi lake limakhala tcheru nthawi zonse, ndipo maganizo otanganidwa ndi kudziteteza saphunzira bwino. Malire aikidwe ndithu: muchotseni pamoto, nenani "ayi" momveka, mupatseni china choti achite, ndipo muyamikireni akachita bwino. Ndipo khanda lisagwedezedwe mwaukali ngakhale litalira usiku wonse, chifukwa kutero kukhoza kuvulaza ubongo kapena kupha kumene. Kwa amene amati makolo athu anatilera popanda timabuku totere, yankho ndi lakuti zambiri za m'kabuku kano ankazichita. Mwana ankapita m'manja mwa agogo, azakhali ndi atsibweni, ndipo madzulo kunali nthano. Lero bambo ali ku Joni kapena ku esiteti, agogo atsala kumudzi, mayi ali pamsika kuyambira mbandakucha. Zimene kale zinkachitika zokha tsopano zikufuna kuchita kukonzera.

Wolera mwana amafunanso womusamala

Apa ndi pamene uphungu wambiri umalakwira. Umauza mayi kuti azicheza ndi mwana, osafunsa kuti nthawiyo aitenga kuti. Taganizirani tsiku la mayi wa kumudzi m'mwezi wa Januwale: kupalira m'munda mwake, ganyu m'munda mwa wina kuti apeze ufa wa madzulo, madzi, nkhuni, kuphika. Khanda limatsala ndi mlongo wake wa zaka 7, amene amalikonda koma sangathe kuona kuti latentha thupi kapena kulidyetsa moleza mtima. Mayi wotopa chonchi sikuti sakonda mwana wake. Mphamvu zoti amwetulire zatha. Palinso matenda a maganizo amene amagwira amayi ena ali oyembekezera kapena atangobereka: kusowa tulo, kulira popanda chifukwa chooneka, kusasangalala ndi chilichonse, kudziona wopanda pake. Kafukufuku wochitika ku Thyolo anapeza kuti ana a amayi ovutika maganizo chotere ankakhala otsalira pa msinkhu poyerekeza ndi anzawo. Si ulesi, si ufiti, ndipo amachizika. Mayi wotere amvetseredwe, apeputsidwe ntchito ndipo aperekezedwe kuchipatala. Akayamba kukamba zodzipweteka yekha kapena kupweteka mwana, apite tsiku lomwelo.

Ndiye inu abambo, gawo lanu silithera pogula sopo ndi matewera. Mukatenga ndowa kupita kumjigo kapena kukasaka nkhuni, mwamugulira mwana wanu ola la mayi ake. Mukamunyamula nokha, kumuimbira ndi kumuonetsa mmene mukukonzera njinga, mwamupatsa mawu ndi masewera amene sakanawapeza kwina. Pokolola, ndinu amene nthawi zambiri mumagamula kuti mtedza ndi soya zigulitsidwe zingati. Thumba la phala la mwana lipatulidwe ogula asanafike. Kambiranani ndi akazi anu za kulera, pakuti azaumoyo amalangiza kudikira zaka 2 mwana atabadwa mayi asanaimenso, ndipo mwana wolandidwa bere ndi msana asanakhwime ndi amene amatsika sikelo. Inunso agogo, mawu anu pakhomo amamveka kuposa a mlangizi. Mukanena kuti mdzukulu asamwe madzi mpaka miyezi 6, palibe amene adzamumwetse. Mukanena kuti mpongozi wanu apume, apuma.

Wina adzati, "Zonsezi n'zokoma, koma m'nyumba mulibe ufa." Ameneyu akunena zoona, ndipo kungakhale kulakwa kumuyankha ndi nyimbo. Kusewera sikudzaza mimba. Mwana wotupa mapazi, wa tsitsi lofiirira lonyozoka, kapena wowonda mpaka nthiti kuonekera akufunika kuchipatala ndi chiponde lero lomwe, ndipo chipondecho ndi mankhwala a iye yekha, osati chogawana ndi abale ake. Ena amati kutupa koteroko ndi tsempho. Akuluakulu akhoza kukambirana za mwambo pambuyo pake, koma mwanayo ayambe wafika kuchipatala. Umphawi ndi umene uli pansi pa mavuto ambiri otchulidwa m'kabuku kano, ndipo kuuchepetsa ndi udindo wa boma ndi dziko lonse, kudzera m'njira monga Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Komabe tikumbukire kuti ana a ku Kingston aja anali osauka ndiponso opinimbira kale, ndipo ndi iwo amene anapindula. Mwana wa m'banja losowa ndi amene kuyankhidwa kumamutchinjiriza kwambiri, chifukwa alibe zina zambiri zomugwiriziza. Sukulu za mkombaphala nazo zimathandiza, ndipo mwana wa zaka 3 mpaka 5 azipita. Makolo asonkhe ufa ndi kulemekeza alezi, amene ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka. Koma mlezi mmodzi wokhala ndi ana ambirimbiri sangabweze zaka zitatu zimene mwana anakhala osalankhulidwa.

Mwana akamachedwa

Ana sakula mothamangitsana, ndipo kuyerekeza mwana wanu ndi wa oyandikana nawo kumabweretsa nkhawa zosafunika. Kafukufuku wa WHO uja anapeza kuti ana athanzi amayamba kukhala okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Ena ochepa sakwawa n'komwe, amangoimirira n'kuyenda. M'Malawi muno muli muyeso wathuwathu, umene Melissa Gladstone ndi anzake anaufalitsa mu 2010 atayeza ana a m'midzi ya kuno, woona mayendedwe, kagwiridwe ka zinthu ndi zala, chilankhulo ndi kakhalidwe ndi anthu. Mwana wobadwa masiku asanakwane muzimuwerengera msinkhu kuchokera pa tsiku limene ankayembekezeka kubadwa. Ana otere ndi ambiri kwathu kuno, pakuti chiyerekezo cha 2010 chinaika Malawi pa ana 18 mwa 100 alionse obadwa, ndipo njira ya kangaru, yomugoneka mwana pachifuwa khungu ndi khungu, imene chipatala chachikulu cha Zomba chinayamba kuigwiritsa ntchito mu 1999, ikhoza kuchitidwa ndi bambo kapena agogo pamene mayi akupuma.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira. Khanda likachita chikasu m'maso ndi pakhungu m'masiku oyambirira, likakana kuyamwa kapena likakomoka, lipite kuchipatala msanga. Uzani azaumoyo ngati mwana sadzidzimuka ndi phokoso lalikulu, ngati satsata nkhope ndi maso pofika miyezi 3, ngati khosi silinalimbe pofika miyezi 5, ngati sakhala yekha pofika miyezi 10, ngati sayenda kapena satchula liwu lililonse pofika miyezi 18, ngati thupi lake ndi lolobodoka kapena louma gwa, ndiponso ngati wasiya kuchita chimene ankachita kale, pa msinkhu uliwonse. Mafinya otuluka m'khutu asanyozedwe, chifukwa mwana wosamva bwino amachedwa kulankhula ndipo amatchedwa wamakani popanda chifukwa. Amene anadwalapo malungo aakulu okomola kapena matenda oumitsa khosi ayenera kuonedwanso atachira, kuti ngati makutu, maso kapena miyendo zakhudzidwa, thandizo liyambe msanga. Mwana akapezeka ndi ulumali, pasakhale kulozana zala pakati pa akuchikazi ndi akuchimuna, ndipo asatsekeredwe m'nyumba. Funsani kuchipatala cha boma za mafizo ndi mmene mungamukhazikire ndi kumudyetsera bwino. Mutulutseni akhale pamphasa pamene ena akudya ndi kucheza, lankhulani naye mukumuyang'ana kumaso, ndipo mukamufunsa kanthu dikirani nthawi yotalikirapo kuposa mmene mumadikirira ana ena, chifukwa yankho lake likhoza kubwera mwa kuphethira, kutembenuza mutu kapena kufinya chala chanu.